Musanalipire malinki oti mukwere pa Google, werengani kaye izi

Ine ndimapangira anthu mawebusaiti kuno ku Mchinji, ambiri ndi eni malodge ndi ogula mtedza ndi soya, ndiye masiku ano funso ndi limodzi lomweli, achimwene pali munthu pa WhatsApp akuti andipatsa malinki masauzande kuti ndikhale pamwamba pa Google, ndimutumizire pa Mpamba? Ayi bambo, ndalamayo isungeni.

Nkhani yake ili chonchi. Google chiyambireni, ndi njira ija ya PageRank ya Larry Page ndi Sergey Brin, imatenga linki yochokera pa webusaiti ina ngati umboni woti inu ndinu odalirika. Ndiye kugula malinki kuli ngati kugula mboni pabwalo la amfumu, tsiku loyamba zimayenda koma akangodziwa kuti mbonizo munazigulira mowa mlandu umakugwerani inuyo. Mu 2012 Google inatulutsa Penguin yosaka malinki oterewa, mu 2016 anailowetsa m'makina awo kuti izigwira ntchito nthawi zonse, ndipo mu Disembala 2022 anayamba kugwiritsa ntchito SpamBrain pofafaniza mphamvu ya malinki ogula. Mukakhala ndi mwayi amangowanyalanyaza, ndalama yapita basi. Mukapanda mwayi wantchito wa Google amakupatsani chilango chomwe amati manual action, webusaiti imatsikira pansi penipeni kapena kusowa kumene. Sitolo yaikulu ya ku America ya JCPenney zinaichitikira mu 2011, nanga lodge ya zipinda zisanu ndiye ingapulumuke bwanji?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zosinthana zija, zoti ikani plugin iyi, kapulogalamu kowonjezera pa webusaiti, izikusinthanitsirani malinki ndi mawebusaiti ena yokha. Mayi wina amene ndimamuthandiza anaiika osandiuza, nditatsegula ndinapeza m'munsi mwa tsamba lake mwadzaza malinki a juga ndi mankhwala achilendo, pomwe alendo ake ambiri ndi a mipingo. Simusankha amene mukumulozera, makina ndi amene akusankha, ndipo nthawi zina plugin yomweyo imatsegulira akuba khomo.

Ngati munagula kale musachite mantha, yambani ndi Google Search Console, chida chosonyeza mmene Google ikuonera webusaiti yanu, ndi yaulere. Pitani pa Manual actions muone ngati pali uthenga. Kenako pa Links muone mawebusaiti amene akulozera kwa inu, mukaona mayina osadziwika a zilankhulo zomwe simunazimvepo, mazanamazana, onse mawu ofanana, amenewo ndi aja munagula. Chotsani plugin lero lomwe, sinthani mapasiwedi, ndipo wogulitsayo muuzeni asiye, ena amangopitiriza mwezi ndi mwezi. Lemberani eni mawebusaitiwo achotse, ambiri sayankha koma sungani umboni woti munayesa. Otsalawo alembeni mu fayilo ya .txt, mzere uliwonse kuyamba ndi domain: kenako dzina lake, muitumize pa disavow, chida chouzira Google kuti malinkiwo isawawerengere. Apa pokha samalani, chida chimenechi ndi cha amene alandira chilango kapena amene akudziwa kuti anagula ambiri, mukalakwitsa mumataya ndi malinki abwino omwe. Pomaliza, ngati munalandira chilango, tumizani reconsideration request, pempho loti Google ionenso nkhani yanu, nenani chilungamo pa zomwe munachita ndi zomwe mwakonza, ndiye mudikire, zimatha kutenga masabata.

Kulipira malonda pa webusaiti ya wina si mlandu ayi, bola mwini webusaitiyo aiike linkiyo chizindikiro cha rel="sponsored" kapena nofollow kuti Google idziwe kuti ndi yolipira.

Nanga mukwera bwanji? Lembetsani Google Business Profile, yoonetsa bizinesi yanu pa Google ndi pa mapu ake, ikani zithunzi zenizeni, nambala yogwira ndi nthawi yotsegula. Kenako lembani zomwe inu mukudziwa ndipo wa ku Lilongwe sakudziwa. Ngati muli ndi lodge, fotokozani mmene munthu amayendera pamsewu wa M12 kufika pa boma, amakwera chiyani kupita pa boda ya Mwami, akafuna kukagona ku Chipata akonzekere zotani. Ngati mumagula mtedza lembani mmene mlimi angaumitsire bwino kuti usachite chuku, ndi mmene mumayezera. Mukatero pitani kwa kopaletivu imene mumagulako, mpingo umene unachitira msonkhano pamalo panu, sukulu imene munaithandiza, muwapemphe akutchuleni pa tsamba lawo. Mayi uja tinamuchotsera plugin ija, ndipo sabata ino ndikupita naye kukajambula zithunzi za holo yake kuti tikatumize kwa a mpingo amene anachitirapo semina.