Mmene ndinawonjezera sikelo ya 1:75 mu AutoCAD

Pulani ya nyumba inkakana kukwana papepala la A3 pa sikelo ya 1:50, pomwe pa 1:100 manambala a miyeso ankapanikizana moti mmisiri akanavutika kuwawerenga. Ndinkafuna 1:75, koma pamndandanda wa masikelo a mu AutoCAD, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani, panalibe.

Ndinalemba lamulo lotsegula mndandandawo, SCALELISTEDIT, n'kudina Add, dzina n'kuika 1:75. Apa m'pofunika kusamala. Ine ndimajambula m'mamita pomwe pepala limayezedwa m'mamilimita, choncho pa Paper units ndinaika 1, pa Drawing units 0.075. Inu amene mumajambula m'mamilimita ikani 75 basi.

Kenako ndinasankha sikeloyo pa viewport (kawindo koonetsa pulani papepala) n'kuikiya, chifukwa mukangopukusa kagudumu ka mausi muli mkati mwake, sikelo yasokonekera. Sikelo yatsopanoyi imatsalira m'fayilo yomweyo yokha, ndiye ndinaiwonjezeranso mu template yanga, fayilo yomwe ndimayambira mapulani atsopano.