Kufunsira uofesala wa usilikali ku MDF muli ku Salima

Musanayambe, konzani chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE ndi mapepala a ku koleji, enieni ndi ofotokopa.

1. Dikirani chilengezo cha MDF m'nyuzipepala kapena pa wailesi. Onani zaka ndi maphunziro omwe akufuna.
2. Tumizani kalata ku adiresi ya pachilengezopo basi. Ambiri amapusitsidwa apa: wina amaimba foni, amvekere ndi bwana wa ku MAFCO (sukulu ya asilikali ya ku Salima), tumizani kangachepe dzina lanu lilowe. Dulani foniyo, usilikali sagula.
3. Yambani kuthamanga mbandakucha, dzuwa la kunyanja lisanawawe.
4. Akakuitanani, pitani ndi mapepala enieni. Olemba anthu akafunsa za matenda, nenani zoona, madokotala adzakupimanibe.
5. Mukasankhidwa, tsatirani tsiku lomwe akuuzani lokayamba maphunziro.