Moyo wa pa boti la matanga litaponya nangula, ndi mmene mungakhalire ndi aneba

Mukamalowa pamalo pomwe maboti ena aima kale, dziwani kuti aliyense akukuonani, ngakhale uja akunamizira kuwerenga bukuyo diso lili pa inu. Moni wanu woyamba ndi mmene muponyere nangula. Ndiye osathamanga, zungulirani kaye pang'onopang'ono, onani kuya kwa madzi, onani komwe maboti enawo aloza chifukwa nthawi zambiri ndi komwe mphepo ikuchokera. Amene anafika poyamba ndiye mwini malo, maboti akayandikana kwambiri wosamuka ndi inuyo obwera mochedwa, palibe zokambirana.

Masamu a tcheni ndi osavuta koma anthu amawazemba. Tengani kuya kwa madzi pa nthawi yomwe akwera kwambiri, poti madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kutsika tsiku lililonse, phatikizani kutalika kochokera pamadzi kufika pomwe tcheni chimatulukira kutsogolo kwa boti, kenako chulukitsani kasanu. Madzi akuya mamita 4, boti latalika mita 1 pamwamba pa madzi, ndiye kuti 5, tcheni mutulutse mamita 25. Ngati ndi chingwe m'malo mwa tcheni kapena kukubwera chimphepo pitani mpaka kasanu ndi kawiri. Mukatero ikani injini mu rivesi pang'onopang'ono kuti nangula akumbe pansi, dzanja kapena phazi likhale pa tcheni, chikamanjenjemera ndiye kuti nangula akungokwekwereka sanagwire, zulani muyambirenso, palibe manyazi apa. Komanso boti silikhala malo amodzi, mphepo ikatembenuka limazungulira nangula wake ngati mbuzi ya pachingwe, ndiye mamita 25 aja kuphatikiza kutalika kwa botilo ndi bwalo lomwe mukufunika mbali zonse.

Ine ndinaphunzira movutika. Tsiku lina ndinatulutsa tcheni chochepa poopa kuyandikira mnzanga wakumbuyo, cha m'ma 2 koloko usiku mphepo inasintha, ndinadzidzimuka ndi munthu akumenya mbali ya boti langa ndi chikhatho, ali pa kaboti kake, kabudula yekha, tochi kukamwa. Ndinali nditatsala pang'ono kugunda boti lake. Munthu yemweyo masana ake ndinangomukwezera dzanja basi osamulankhula. Chiyambire pamenepo alamu ya nangula ya pa foni kapena pa GPS, yomwe imalira boti likachoka pamalo pake, ndimaitchera ndisanagone, ndipo aneba ndimayamba ndine kukawapatsa moni.

Usiku yatsani nyale yoyera yooneka mbali zonse, masana pachikani mpira wakuda kutsogolo, malamulo apanyanja amatero. Ambiri mpirawo amauiwala, koma nyale yokha musayerekeze.

Tsiku la pa nangula limayendera zinthu ziwiri, madzi akumwa ndi magetsi. M'mawa musanaganize za tiyi mumayamba mwaona kuti mabatire atsala bwanji, chifukwa furiji yakhala ikudya moto usiku wonse sola ili gone. Zotchaja zonse, foni, laputopu, tchajani masana dzuwa likuswa mtengo. Madzi nawo mumayamba kuwalemekeza mukanyamulako chigubu cha malita 20, omwe ndi makilogalamu 20, kuchokera kumtunda mpaka pa kaboti kenako kuchikweza m'boti mafunde akukukankhani. Mbale tsukani ndi madzi a m'nyanja, abwinowo ndi ongotsukuluzira. Kusamba chimodzimodzi, dumphirani m'madzi, pakani sopo, dumphiraninso, kenako kabotolo kamodzi ka madzi abwino kochotsera mchere. Mchere ukatsalira pa zovala kapena pa matilesi umakoka chinyontho, ndiye simuchedwa kumva kafungo ka chuku, tsegulani mawindo mpweya uzidutsa. Gasi wophikira tsekani pa silinda pomwe mukangomaliza, ndi wolemera kuposa mpweya ndiye akatuluka amatsikira pansi m'kati mwa boti n'kukhala phee kudikira kamoto. Za kuchimbudzi zisungeni mu thanki, anzanu akusambira pomwepo.

Kaboti kakang'ono kaja, dingi, ndiye miyendo yanu. Kumtunda, kwa aneba, kotaya zinyalala, konse ndi komweko. Podutsa pakati pa maboti chepetsani liwiro, mafunde anu amagwetsa poto wa munthu amene akuphika mkati. Kachingwe kozimitsira injini mangani padzanja, nkhafi zikhalemo nthawi zonse ngakhale injini ndi yatsopano, ndi tochi ngati mukabwerere kutada. Pofika pomangirira madingi siyani chingwe chachitali kuti ena athe kukankha kanu n'kupeza polowa, ndipo injini musaitukule, pulopela yake imang'amba madingi a anzanu opopa aja.

Tsopano zocheza. Pa boti palibe chitseko chogogoda, ndiye mumayandikira ndi dingi, kuitana dzina la botilo kapena kugogoda pambali, n'kudikira. Osakwera musanauzidwe kuti kwerani, ndi nyumba ya munthu imeneyo, mwina akusamba. Macheza ambiri amathera pomwepo inu mutaimirira mu dingi mutagwirira m'mbali mwa boti lawo, mphindi 5 zimasanduka ola lathunthu. Akakuitanani madzulo dzuwa likamalowa, yomwe ndi nthawi yeniyeni yochezera pa nangula, vulani nsapato pokwera, tengani chakumwa chanu ndi kotafuna pang'ono, pena ndi kapu yanu yomwe, chifukwa chilichonse chomwe ali nacho anachita kuchinyamula pa dingi ndipo makapuwo atsuka ndi madzi awo ochepa aja. Musakhalitse, anthu apa maboti amagona molawirira, 9 koloko kwa iwo ndi pakati pa usiku.

Mudzaona kuti anthu sakudziwani ndi dzina lanu, amakutchulani dzina la boti, ndipo funso loti mumagwira ntchito yanji silimveka kawirikawiri. Nkhani zake ndi zakuti mwachokera kuti, mukulowera kuti, nangula wanu ndi wamtundu wanji, pampu ya chimbudzi yavutanso. Nkhani ya nangula samalani nayo, aliyense amati wake ndiye wabwino, mutha kudana. Njira yachidule yopezera anzanu ndi kubwereketsa sipanala kapena kupempha nzeru, amalinyero amakonda kufunsidwa heve.

Wailesi ya VHF, yomwe maboti amalankhulirana, izikhala yoyatsa. Tchanelo 16 ndi ya ngozi komanso yoitanirana, mukangopezana samukirani tchanelo ina, ndipo kumbukirani kuti aliyense akumva, miseche pa wailesi ayi. Malo omwe pamakhala maboti ambiri nthawi zina pamakhala pulogalamu ya m'mawa pa wailesi yomwe eni maboti amayendetsa okha, za nyengo, obwera kumene, amene akugulitsa kapena kufuna chinthu, zokumana pagombe aliyense ndi mbale yake. Funsani neba tchanelo ndi nthawi yake, ndipo tsiku loyamba dzitchuleni ngakhale mawu akunjenjemera.

Chomwe chimadanitsa anthu kwambiri ndi phokoso. Pamadzi mawu amayenda patali modabwitsa, mkangano wanu ndi akunyumba boti lachitatu uko akuutsatira bwinobwino. Jenereta lizani masana, osati nthawi yomwe anthu akhala panja kuonera dzuwa likulowa. Ndiye pali zingwe zokwezera matanga zomwe zimamenya mlongoti usiku wonse, ngwe ngwe ngwe, mwini wake ali mtulo poti anazolowera, aneba maso ali gwa. Zikokereni kutali ndi mlongoti muzimange musanagone.

Ngati mukunyamuka m'mamawa tsanzikani madzulo ake, mupatsane manambala, ndipo funsani amene ali kutsogolo kwanu ngati boti lake silili pamwamba pa nangula wanu, kuti asunthe pang'ono nthawi yozula osati muzikamudzutsa 5 koloko.