Mmene Kampani Ingakonzere Ndondomeko Yosamalira Chilengedwe ndi Anthu

Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala chaka chilichonse, makampani ambiri amagula mbande, amasindikizitsa malaya okhala ndi dzina lawo, n'kuitana atolankhani kuti adzajambule mwambowo. Ntchito imeneyi ndi yabwino, koma siyankha funso limene ogula a kunja, mabanki ndi boma akufunsa masiku ano, loti kodi kampaniyo ikuwononga chiyani pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, nanga ikuchitapo chiyani. Malangizo ali m'munsimu ndi a eni ake ndi oyang'anira makampani apakatikati, monga mafakitale okonza zakudya, mabekale, minda ikuluikulu ndi malo ogona alendo. Zitsanzo zambiri ndazitenga ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, chifukwa makampani a kumeneko akhala akufunsidwa mafunso otere ndi ogula awo kwa zaka zambiri, ndipo zimene anachita bwino ndi zimene zinawavuta n'zodziwika.

Yambani ndi kuyeza musanalonjeze kanthu kalikonse. Kwa miyezi itatu, lembani m'kaundula mmodzi zonse zolowa pa geti ndi zotuluka: mikoko ya nkhuni, malita a dizilo, mayunitsi a magetsi, madzi, mankhwala, mapepala apulasitiki, komanso zinyalala ndi madzi akuda pamodzi ndi kumene zikukatayidwa. Mabilu a ESCOM ndi a bungwe la madzi ali kale mu ofesi ya akauntanti, ndipo mlonda wa pa geti angathe kuwerenga mathiraki a nkhuni ngati mwamupatsa buku. Mukatero, gawani manambalawo ndi kuchuluka kwa katundu amene mwapanga, kuti mudziwe nkhuni kapena madzi amene akulowa pa kilogalamu iliyonse. Nambala imeneyi ndi imene mudzayerekezere nayo chaka chamawa, pakuti chiwerengero chonse chimatha kutsika chabe chifukwa choti malonda sanayende. Kaundulayo adzakuonetsani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikuwononga kwambiri, ndipo ndondomeko yanu imangidwe pa zimenezo.

M'makampani ambiri a kuno, chachikulu pa zinthu zimenezi chimakhala nkhuni. Fakitale ya tiyi imafotetsa ndi kuumitsa masamba ndi mpweya wotentha wochokera ku boyila, ndipo boyilayo imadya nkhuni usana ndi usiku pa nyengo yothyola. Minda ikuluikulu, monga wa Satemwa ku Thyolo umene unayamba mu 1923, ili ndi nkhalango zakezake za bulugama zodulamo nkhuni, ndipo imasiya mitengo yachilengedwe m'mphepete mwa mitsinje osaikhudza. Njira yake ndi yotheka kuitengera. Ngati mitengo yanu imakhwima pakatha zaka zisanu ndi zitatu, gawani nkhalango m'magawo asanu ndi atatu, ndipo muzidula gawo limodzi pa chaka. Bulugama amaphukanso pa chitsa, choncho pofika ku gawo lomaliza, loyamba lija limakhala lakulanso. Chenjezo ndi lakuti mtengo umenewu umamwa madzi ambiri, kotero musaubzale pafupi ndi dambo, kasupe kapena chitsime chimene anthu a m'midzi amatungapo.

Kampani yopanda malo obzala igule nkhuni kwa okhawo amene angaonetse chilolezo cha ku nthambi ya za nkhalango, ndipo isunge makope a zilolezozo. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo zilango zokhudza makala ndi mitengo yodulidwa popanda chilolezo zinakwera kwambiri. Nkhuni zotchipa zobwera usiku pa thiraki yopanda mapepala nthawi zambiri zimachokera m'nkhalango zotetezedwa, ndipo amene wazigula ali ndi gawo pa kumeta mapiri amene madzi ndi matope ake anakokolola midzi ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Pali zinthu zina zosafuna ndalama zambiri zimene oyang'anira amazinyalanyaza. Nkhuni zongodulidwa kumene zimakhala ndi madzi okwana pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo moto umayamba waumitsa madziwo usanatenthetse boyila, choncho shedi yaudzu kapena yamalata yosungiramo nkhuni kwa miyezi ingapo imabweza ndalama zake msanga. Kutani mapaipi a nthunzi ndi zotetezera kutentha, tsekani paliponse podontha, ndipo musese phulusa ndi mwaye pa nthawi yake. Onaninso ngati zotsalira za ntchito yanu sizingakhale mafuta. Kampani ya Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa imawotcha zotsalira za nzimbe zofinyidwa n'kupeza nthunzi ndi magetsi oyendetsera fakitale. Mankhusu a mpunga, makoko a mtedza ndi utuchi zingagwire ntchito yomweyo pa mlingo waung'ono, makamaka zikapanikizidwa kukhala mabuliketi. Pomanga nyumba yatsopano, gwiritsani ntchito mabuloko a simenti kapena njerwa zopanikizidwa zosawotcha, monga akulamulira malamulo a zomangamanga a 2018.

Za magetsi ndinena mwachidule. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, makampani anawotcha dizilo wochuluka m'majenereta kwa nthawi yoposa chaka. Mapanelo a sola oyendetsa maofesi, mapampu ndi mafiriji masana amachepetsa ngozi yotere, koma yambani mwazimitsa makina ongolira opanda ntchito musanagule chilichonse.

Madzi akuda ndiwo amayambitsa mikangano yambiri ndi anthu oyandikana nanu. Aliyense wodutsa pa mtsinje wa Mudi ku Blantyre amadziwa chimene chimachitika mafakitale ndi mapaipi a zonyansa akamathira mumtsinje popanda kusefa. Tsatirani ngalande yanu wapansi kuchokera pa fakitale mpaka kumene ikuthera, ndipo muone amene akuchapa, kumwetsa ziweto kapena kuthirira dimba kumunsi kwake. Madzi otsukira makina adutse kaye m'mayiwe odikhitsira, mafuta a injini asungidwe m'migolo, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo tumizani madzi otulukawo ku labotale kuti akayezedwe. Kutunga madzi ambiri mumtsinje kapena pansi pa nthaka ndiponso kutaya madzi akuda kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la madzi la 2013, ndipo ntchito yaikulu yatsopano imafuna kauniuni wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene amavomerezedwa ndi bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA potsata lamulo la chilengedwe la 2017. Pa zopakira katundu, kumbukirani kuti mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 kukhuthala kwake (maikironi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) analetsedwa mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019.

Tsopano nkhani ya anthu, imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonsezi, ngakhale kuti m'malipoti ambiri imapatsidwa tsamba limodzi lokhala ndi chithunzi cha mjigo. Yambani ndi antchito anu, ndipo yambirani pa zimene lamulo likunena kale. Wantchito aliyense akhale ndi kalata ya ntchito yofotokoza malipiro ndi maola ake; maola a pa sabata asapitirire 48 popanda malipiro a ovataimu; mayi woyembekezera apatsidwe tchuthi cha masabata asanu ndi atatu akulandira malipiro onse; ndalama za penshoni, 10 peresenti yochokera kwa olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito, zitumizidwedi mwezi ndi mwezi osati kungodulidwa pa pepala la malipiro. Opopera mankhwala ndi osonkhezera moto pa boyila apatsidwe zovala zodzitetezera kwaulere, monga likufunira lamulo la chitetezo pa ntchito la 1997. Kampani imene ikulephera zimenezi isayambe yaganiza zopereka mphatso ku sukulu ya m'dera, chifukwa ndalama za mphatsozo ndi za antchito ake.

Mukakwaniritsa lamulo, funsani ngati malipiro anu akukwanira kudyetsa banja. Makampani a tiyi anakumana ndi funso limeneli poyera, chifukwa zinaoneka kuti ngakhale minda yokhala ndi ziphaso za kunja zotsimikizira kuti imasamalira antchito ndi chilengedwe inkalipira ndalama zosakwanira zofunika pa moyo. Mu 2015 alimi a tiyi, ogula a kunja ndi mabungwe anayambitsa pologalamu ya Malawi Tea 2020, ndipo mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito a m'minda la PAWU. Cholinga cha malipiro okwanira sichinafikiridwe chonse, makamaka chifukwa kukwera kwa mitengo ya zinthu kunkadya zimene zawonjezedwa, komabe antchito anapeza mpando pa zokambirana, ndipo chakudya chamasana cha m'minda chinayamba kuphikidwa ndi ufa wowonjezedwa michere. Inunso werengerani mtengo wa chimanga, ndiwo, lendi, sopo ndi zofunika kusukulu za banja la wantchito wotsikitsitsa, muyerekeze ndi zimene amalandira, ndipo mugwirizane ndi oimira antchito za mmene mpatawo udzachepere chaka ndi chaka.

Nkhanza kwa amayi muziike m'ndondomeko mosabisa mawu. Kumene kapitawo mmodzi ali ndi mphamvu yolemba aganyu, kugawa ntchito ndi kuyeza zokolola, mayi wofuna ntchito ya nyengo yamawa amakhala pa chiopsezo chachikulu. Mu 2021 kampani ina ya ku Britain yokhala ndi minda ya tiyi kuno inagwirizana zolipira chipukutamisozi amayi 36 amene anadandaula za nkhanza zotere, ngakhale kuti sinavomere mlandu. Lamulo la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa khalidwe limeneli. Konzani njira yodandaulira yosadutsa kwa kapitawo, monga mayi wodalirika wosankhidwa ndi anzake kapena nambala ya foni yoyankhidwa ndi munthu wa kunja kwa dipatimentiyo, kwezani amayi pa maudindo a ukapitawo, ndipo kulemba aganyu kuzichitika ndi anthu awiri kapena atatu pamodzi.

Udindo wanu umafikanso kwa amene mumawagula zinthu. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wochokera ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha malipoti a kugwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, ndipo kampani iliyonse inayenera kuonetsa umboni wa kumene fodya wake wachokera isanaloledwenso. Mu 2021 nyumba ya malamulo inathetsa ulimi wa matenanti. Lembani mayina a alimi ndi mavenda anu onse, ikani m'mgwirizano mawu oletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14 ndi kupatsa ntchito yoopsa wosakwana zaka 18, ndipo muziwayendera mosawadziwitsa pa nthawi yokolola. Kumbali yanu, lipirani pa tsiku limene munalonjeza ndipo sikelo yanu ikhale yoyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, pakuti mlimi wolipidwa mochedwa ndiye amachotsa ana kusukulu kuti amuthandize m'munda.

Kwa anthu a m'midzi yozungulira, musasankhe nokha chimene akufuna. Kumanani ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, ndipo mupeze mpata womva amayi ndi achinyamata paokha, chifukwa pa msonkhano wa onse sayankhula momasuka. M'ndondomeko ya Fairtrade, imene imapereka chiphaso cha malonda achilungamo, ndalama yapadera imene ogula amawonjezera imapita ku thumba loyendetsedwa ndi komiti ya antchito kapena alimi eni ake, ndipo iwo ndi amene amavota ngati ipite ku mlatho, chipatala cha amayi kapena fizi ya ana. Njira imeneyi mungaitsate ngakhale mulibe chiphaso. Chilichonse chimene mwamanga chikhale ndi munthu ndi ndalama zochikonzera chikawonongeka.

Zonsezi zilembedwe pa masamba awiri kapena atatu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo apachikidwe pamene antchito amasainira. Cholinga chilichonse chikhale ndi nambala, tsiku, dzina la udindo wa amene adzayankhe, ndi mzere wake m'bajeti. Mwachitsanzo, kuchepetsa nkhuni zolowa pa kilogalamu iliyonse ndi gawo limodzi mwa magawo khumi pofika kutha kwa chaka chachuma, woyankha akhale mkulu wa fakitale. Mkulu wa kampani aziona manambalawa pa msonkhano womwewo umene amaonera za malonda. Pakutha pa chaka, tulutsani lipoti lalifupi lonena zimene zatheka ndi zimene zalephereka pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo muliwerenge pamaso pa antchito ndi mafumu. Ziphaso monga za Rainforest Alliance, Fairtrade kapena ISO 14001 zimafuna ndalama zolipira oyendera chaka ndi chaka, choncho muzifunsire pokhapokha kaundula wanu wakwanitsa chaka chathunthu ndipo pali wogula amene wanena kuti akuzifuna.