Kasamalidwe ka nthochi zopita kumsika wakutali

Nthochi za m'masitolo a ku Ulaya zimayenda milungu iwiri kapena itatu pa sitima yapamadzi, zambiri kuchokera ku Ecuador, dziko lomwe limagulitsa nthochi kunja kuposa ena onse. Pafupifupi zonse ndi za mtundu wa Cavendish. Masitolo akuluakulu ndiwo ali ndi mphamvu pa mtengo, ndipo amakana nthochi chifukwa cha kachipsera chabe. Choncho phindu la mlimi lagona pa kuchepetsa zowonongeka.

Mkoko umadulidwa nthochi zikadali zaziwisi, zitakhuta koma ngodya zake zikuonekabe. Pofuna kudziwa msinkhu wa mkoko, amaumanga kachingwe ukangotuluka, sabata iliyonse mtundu wakewake. Odula amakhala awiri: wina amatema thunthu pang'ono kuti liwerame, mnzake n'kulandira mkoko paphewa poyalidwa chofewa. Mkoko usagunde pansi! Nthochi yogundidwa sionetsa bala tsiku lomwelo. Imadzada ikapsa, ili kale m'manja mwa wogula.

Mapava amachotsedwa ndi mpeni wakuthwa komanso waukhondo, chifukwa wobuntha umaphwanya podulapo ndipo nkhungu imayambira pomwepo. Kenako amaikidwa m'madzi oyera kuti utomoni utuluke, poti ukaumira pakhungu umasiya madontho akuda osachoka. Akatero amalongedzedwa m'makatoni a makilogalamu 18, n'kulowa mu kontena yozizira madigiri 13 mpaka 14. Kukazizira kuposa pamenepo khungu limatuwa ndipo nthochi sizipsa bwino. Kukatentha zimapsera m'njira. Choopsa kwambiri ndi nthochi imodzi imene yayamba kupsa, chifukwa imatulutsa mpweya wa ethylene umene umapsetsa zinzake zonse. Mpweya womwewo ndi umene amapsetsera nthochi m'zipinda zapadera zikafika.

Inu alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay amene mukubzalanso minda imene inatha ndi matenda a chisaka, mukupikisana ndi nthochi zochokera ku Tanzania ndi Mozambique. Kontena yozizira mulibe, koma zambiri mwa izi sizilira ndalama. Dulani m'mamawa, muike pamthunzi msanga. Patulani phava lililonse loyamba kupsa mugulitse pafupi. Longedzani mapava m'makireti oyalamo masamba a nthochi m'malo mounjika mikoko m'lole, ndipo galimoto inyamuke madzulo kukazizira. Zimamvetsa chisoni kuona anthu atakhalira pamwamba pa mikoko ulendo wonse wa ku Limbe. Musalole zimenezo pa katundu wanu.