Kagalimoto kakale ka rimoti: kadziweni kaye musanakamasule

Mukapeza kagalimoto kakale ka rimoti, musathamangire kukalumikiza kubatire. Ine ndimayamba ndi kukatembenuza chagada n'kuona ngati ziwalo zake zimatheka kumasulidwa chimodzichimodzi. Ngati mota, servo yokhotetsa matayala ndi risiva yolandira uthenga wochokera kurimoti zili pazokhapazokha, zolumikizidwa ndi mapulagi, ndiye kuti mwagwira kagalimoto kochita kumanga wekha, ndipo kakhoza kuuka. Ngati zonse zili pakabolodi kamodzi, monga zilili zambiri za makampani a Nikko ndi Tyco, ndi chidole cha ana. Sindikuchinyoza, koma chikapsa bolodi, china cholowa m'malo mwake chimavuta kupeza.

Kenako fufuzani dzina. Kunsi kwa chasisi (chimango chonyamula ziwalo zonse) kapena mkati mwa bodi nthawi zambiri mumakhala dzina la kampani lodindidwa papulasitiki. Tamiya ya ku Japan inatulutsa galimoto yake yoyamba ya rimoti mu 1976, Porsche 934, nambala yake 58001, ndipo zotsatira zinkangopitiriza pa nambala imeneyo. Sand Scorcher ya 1979 ndi 58016, Grasshopper ya 1984 ndi 58043, Hornet ya chaka chomwecho ndi 58045, Hotshot ya 1985 ndi 58047. Mukadziwa nambalayo mupeza buku la kamangidwe pa intaneti, ndipo popanda bukuli musayambe ntchito. Chasisi ya aluminiyamu yooneka ngati golide imaloza ku RC10 ya Team Associated, yomwe inatuluka mu 1984. Tcheni chopititsa mphamvu kumatayala akutsogolo chimaloza ku Optima ya Kyosho ya 1985.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Makampaniwa anadzatulutsanso magalimoto omwewa patapita zaka: Hornet mu 2004, Grasshopper mu 2005, Sand Scorcher mu 2010, RC10 mu 2013. Pongoyang'ana amafanana ndi akale. Onani masitika, chifukwa akale ambiri anali ndi mayina a makampani enieni a zamipikisano, pamene obwerezawa mayina ena anasinthidwa. Onaninso chosinthira liwiro. Akale ankagwiritsa ntchito kambale kokhala ndi kamkono kosunthidwa ndi servo, pamodzi ndi resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) yoyera yotentha kwambiri, pamene obwerezawa amayendera ESC, chosinthira liwiro chamagetsi chopanda kamkono. Komabe chizindikiro chimodzi sichikwanira, poti kagalimoto kazaka makumi anayi kadutsa m'manja ambiri ndipo nthawi zambiri kamakhala kosakaniza ziwalo zakale ndi zatsopano.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, jambulani zithunzi mbali zonse. Masikuluwu a magalimoto a ku Japan ndi amtundu wa JIS. Amaoneka ngati a Phillips, aja a mutu wa mtanda, koma si amodzi, ndipo sikuludalaiva ya Phillips imaterereka n'kudya mutu. Pezani ya JIS. Pobwezeretsa sikuluwu m'pulasitiki, ipotozeni chobwerera m'mbuyo kaye mpaka mumve kuti yagwera mumzere wake wakale, kenako mangani pang'onopang'ono. Mukaikakamiza idula mzere watsopano, ndipo pulasitiki yokalamba imang'aluka pomwepo.

Kutsuka sikufuna zambiri: madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale. Girisi wouma m'magiya amachoka mukawaviika usiku wonse. Mankhwala aukali monga acetone ndi thina musawayandikize n'komwe, amasungunula pulasitiki.

Pankhani ya bodi ndimakhala wouma mutu. Pali mabodi amitundu iwiri. Yolimba, ngati ya Grasshopper, imapentedwa kunja. Yopyapyala yoonekera ya polycarbonate, ngati ya Hornet, imapentedwa mkati ndi penti yakeyake, yomwe kwa Tamiya imalembedwa PS. Penti wamba pa polycarbonate imasuwa galimoto ikangogunda kamodzi. Koma funso lalikulu ndi lakuti, kodi m'pofunikadi kupentanso? Bodi yoyambirira yokhala ndi masitika ake, ngakhale yakalikakalika, kwa ine ndi yamtengo kuposa yonyezimira yopenta dzulo. Munthu wina anadula masitika amenewo ndi sizasi n'kuwamata ndi manja ake, ndipo mukawachotsa sabwereranso. Ngati mukufuna kuyendetsa, gulani bodi ina yatsopano, yakaleyo muisunge pamalo osafika dzuwa.

Zamagetsi nazo zimafuna diso. Tsegulani rimoti muone momwe mumakhala mabatire. Zoyera zoundana pazitsulo ndi zotuluka m'mabatire, ndipo zimachoka ndi thonje lonyowetsa viniga, kenako mupukute ziume. Batire yakale ya NiCd ya 7.2V, ya maselo asanu ndi limodzi, musayese kuitchaja. Ili ndi cadmium, choncho ipite kumalo olandira mabatire akutha, osati kudzala. Sendani pang'ono waya wakuda: mukapeza mkuwa wake wada bii, sinthani waya wonsewo. Marimoti akale ambiri amatumiza uthenga pa 27MHz, ndipo crystal (kachipangizo kosankha tchanelo) ya murimoti iyenera kukhala ya tchanelo chimodzi ndi ya murisiva. Poyesa koyamba, ikani galimoto pakathabwa kuti matayala akhale m'malere, yatsani rimoti kaye, galimoto pambuyo. Chosinthira liwiro chakale chija chikhoza kukakamira n'kuthamangitsa galimoto yokha.

Zosintha zomwe ndimavomereza ndi zija zosaoneka komanso zotheka kubweza. Timphete tapulasitiki ta m'maekiselo tilowedwe m'malo ndi mabering'i, ambiri a Tamiya amakhala a mamilimita 5 mkati ndi 11 kunja. Kagiya ka pamota ka aluminiyamu kamaperepeseka n'kusandutsa girisi kukhala phala lakuda lodya magiya ena, ndiye ikani kachitsulo. Wofuna kuyendetsa kawirikawiri aike ESC ndi rimoti yamakono ya 2.4GHz. Chilichonse chomwe mwachotsa chilowe m'kathumba kolembedwa dzina, ngakhale matayala ong'aluka.

Chimene sindivomereza ndi kuika mota yamakono yamphamvu yotchedwa brushless m'chasisi yoyambirira. Grasshopper inabwera ndi mota yaing'ono ya 380, Hornet ndi ya 540, ndipo magiya awo anapangidwira mphamvu imeneyo pulasitiki isanaume. Yendetsani pamalo osalala, mphindi zochepa, kenako imani mugwire mota mumve kutentha kwake ndi kuona ngati pali sikuluwu yomwe yakhwefuka.