Kulembetsa dzina ndi logo ya apu yanu ngati trademark

Mwafunsa za kuteteza dzina la apu yanu yobukitsira maloji ku Mangochi. Mungaliteteze polilembetsa ngati trademark, chizindikiro cha malonda chotetezedwa ndi lamulo. Konzekeranitu logo yooneka bwino, mndandanda wa ntchito zanu ndi ndalama zolipira. Satifiketi ya bizinesi payokha siteteza dzina.

1. Fufuzani kwa Registrar General (ofesi ya boma yolembetsa ma trademark) ngati wina sanalembetse kale dzina lofanana nalo.
2. Sankhani kalasi (gulu la katundu kapena ntchito) mwa 45 zomwe zilipo. Ambiri amaphonya apa: apu yeniyeniyo ili m'kalasi 9, koma kubukitsa malo ogona kuli mu 43. Mukalembetsa imodzi, inayo mwaisiya poyera. Dzina longoti "Mangochi" angalikane chifukwa ndi la malo.
3. Lembani fomu, lipirani, sungani risiti.
4. A ku ofesiyo akalengeza pempho lanu, dikirani nthawi ya otsutsa ithe.
5. Satifiketi imagwira zaka 10. Lembetsaninso isanathe.